Wagirah ndi Nyumba ya Bambo Ake ku Kampung Afrikan

Wagirah anabadwa pa 9 Juni 1903 m'nyumba yachitatu kuchokera pachipata cha Kampung Afrikan, mudzi wa Aafirika ku Purworejo, kudziko la Ajava, ndipo anamwalirira m'nyumba yomweyo pa 27 Januwale 1981. Womva zimenezi angayese kuti mayiyu anakhala moyo wake wonse pakhonde limodzi, phee. Sizinali choncho. Pakati pa masiku awiriwo pali zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zimene ankaiona nyumbayo ali kunja kwa mpanda, ndipo tsiku lililonse la zaka zimenezo ankalisungira munthu mmodzi.

Malowa boma la Adatchi linawagula mu 1859 kuti likhazikepo asilikali ake akuda opuma pantchito, aja linkawabweretsa pa sitima kuchokera kugombe la Elmina ku Afirika. Bambo ake a Wagirah anali m'gulu la omalizira kubwera. Anafika mu 1871 ali mnyamata. Kwawo ankawatchula kuti Raogo, koma kalaliki wolemba asilikali analemba Barend Kraan, ndipo dzina limenelo ndi limene linawakanirira mpaka kumanda. Anamenya nkhondo ku Aceh, nabwerako ndi chipolopolo m'ntchafu. Mu 1892 anawapatsa malo awo, namangapo nyumba ya zipinda zinayi, ndi kachipinda kena kumbuyo kogundana ndi khitchini.

Asilikali akudawo boma linkawawerenga ngati Azungu, ndipo Ajava ankawatcha Londo Ireng, Adatchi akuda. Chizindikiro chake chinali kumapazi. Msilikali wa Chijava ankaguba wopanda nsapato, pamene wakuda ankavala. Ndiye m'Kampung mwamuna akanatha kugona ndi njala, akanatha kuvala malaya a zigamba, koma kutuluka pachipata phazi lili pamtunda, zimenezo ayi.

A Kraan anakwatira kutchalitchi mwana wa msilikali mnzawo, ndipo mu 1893 kunabadwa Lodewijk, amene aliyense ankamutcha Lowi. Mayi ake a Lowi atamwalira mu 1899, panabwera mkazi wa Chijava, Mbok Painem, ndiko kuti Mayi Painem, kudzaphika ndi kuchapa. Ankagona m'kachipinda ka kumbuyo kaja. Ndiwo anabereka Wagirah, mwana wa khungu la bambo ake ndi tsitsi lawo lopotana.

Mwana wobadwa chonchi ankasanduka Mdatchi pokhapokha bambo atapita yekha ku ofesi ya boma, mayi ali pambali, n'kukamulembetsa kuti ndi wake. A Kraan ankafuna kutero kuyambira mwanayo ali kumsana. Amene ankakana ndi Mbok Painem. Anali ataona ndi maso awo zimene zinachitikira mkazi wina wa m'njira momwemo: mwamuna atamwalira, ana olembetsedwawo anawatengera kunyumba ya ana amasiye ku Magelang, mayi n'kutsala ndi mbereko yokha.

"Mukamulemba ndiye kuti ndi wa boma," ankatero. "Musiyeni akhale wanga."

Anakana zaka khumi ndi chimodzi. Kumayambiriro kwa 1915 a Kraan anayamba kutupa miyendo ndi kubanika, ndipo Mbok Painem anazindikira china chimene sanachiganizirepo: m'Kampung munthu wopanda chikalata salandira nyumba ngati cholowa. Anavomera. Anagwirizana zopita ku ofesi Lolemba, pa 15 Malichi, ndipo ngolo ya hatchi inafika pakhomo dzuwa likungotuluka.

A Kraan anavala jekete lawo loyera, mendulo ili pachifuwa. Wagirah anagwada kuti awaveke nsapato. Anakankha, anakoka, koma phazi linali litatupa ngati mtanda wa buledi, ndipo chidendene chinakana kulowa. Mbok Painem anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi mpeni kuti aziboole m'mbali.

Lowi anali pakhomo m'masiku amenewo, wabwera kutchuthi, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri ndi yunifolomu yatsopano. Anali atatsamira chitseko.

"Mbok, ikani pansi mpeniwo. Mukufuna Papa akalowe mu ofesi ndi nsapato zoyasamula?"

"Ndiye apite choncho. Ndani akayang'ane mapazi a munthu wodwala?"

"Aliyense akayang'ana. Mlonda wa pakhomo akawauza kuti anyonyomale pansi pamodzi ndi ogulitsa nkhuku." Anatembenukira kwa bambo ake, mawu atawafewetsa. "Papa, munamenya nkhondo zaka makumi awiri ndi chimodzi kuti lero mukanyonyomale pamaso pa kalaliki? Dikirani sabata imodzi, kutupaku kuphwe."

Nkhalambayo inayang'ana mapazi ake kwa nthawi yaitali. Kunja hatchi inkapalasa pansi.

"Akunena zoona," anatero. Anaika dzanja pamutu pa Wagirah. "Lolemba likubwerali, Nduk, mwana wanga. Lolemba."

Ngolo inabwerera yopanda munthu. Lowi anatola nsapato zija n'kuziika pamwamba pa kabati, ndipo potembenuka maso ake anakumana ndi a Wagirah. Sanamwetulire kwenikweni. Anangokweza nsidze pang'ono. Patapita zaka, Wagirah anadzamva kuti dzulo lake Lowi anali atacheza ndi dokotala wa asilikali, amene anamuuza poyera kuti kutupa kotero sikuphwa. Koma iye sanafunikire kuuzidwa. Anazidziwira pa nsidze zija.

Lolemba linalo a Kraan sanathe n'kudzuka komwe. Anamwalira Lachinayi, pa 25 Malichi.

Pa 3 Meyi, tsiku la makumi anayi, Mbok Painem anaphika mpunga wachikasu kuti anthu adzapempherere womwalirayo monga amachitira Ajava. Alendo asanafike, Lowi analowa ndi chikalata cha nyumba m'manja.

"Papa anali Mkhristu. Za mpungazi mukachitire kwanu. Dzuwa likamafika paliwombo ndipeze mwachoka."

"Mas Lowi," anatero Wagirah, kumutchula monga mwana amatchulira mlongo wake wamkulu, "nanga ife kwathu ndi kuti?"

Mbama inalira kuti phaa!

"Mas ndi ndani? Ine ndilibe mlongo. Uziti Ndoro, bwana, ngati wantchito aliyense."

Anatuluka ndi mphasa, mphika umodzi ndi mwala wosinjirapo tsabola. Akazi a m'Kampung ankaonerera m'mawindo. Atafika pachipata Wagirah anacheuka, tsaya likadali moto.

"Mbok, ine ndidzagonamonso mmuja."

"Yenda, iwe," anatero mayi ake.

Anapeza kanyumba ka nsungwi kufupi ndi mtsinje wa Bogowonto. Mbok Painem anayamba kukazinga geblek, timikate toyera tija ta chinangwa, ndipo Wagirah ankagulitsa. Ana a Chijava ankamuthamangira kumbuyo akukuwa kuti, "Londo Ireng, nsapato zako zili kuti?" Ana a m'Kampung ankamutcha kapolo wa a Kraan. Pa 1 Ogasiti 1919 Wagirah anatenga chiwaya chake n'kukachikhazika tsidya la msewu, moyang'anizana ndi chipata cha Kampung, pamalo pamene denga la nyumba yachitatu linkaonekera bwino. Anthu anamuuza kuti kumsika n'kumene kuli ogula. Iye anati pomwepo mpabwino.

Anakwatiwapo ndi munthu wa njanji, koma banjalo silinathe zaka zitatu. Mwamunayo pochoka anauza anzake kuti mkaziyo anali atakwatiwa kale ndi nyumba ya eni.

Lowi ankagwira ntchito kukampu ya asilikali ya m'tauni momwemo, ndiye ankadutsa pachipatapo m'mawa ndi madzulo, nsapato zili ngwee. Wagirah sankaphonya.

"Geblek wotentha, Ndorooo!"

Ankalikoka dzinalo mpaka oyendetsa ngolo n'kuyamba kuseka. Lowi ankangoyang'ana kutsogolo, khosi lili gwa.

Mbok Painem anamwalira pa 2 Novembala 1931. Tsiku limenelo Wagirah anachita chinthu chimene anali atalumbira kuti sadzachita: analowa pachipata, n'kukaima pabwalo la nyumba ija, mutu uli pansi. Pambali pa chitsime panali mtengo wa kenanga umene mayi ake anabzala, ndipo ankafuna maluwa ake ochepa oti akawaze pamanda.

"Ndoro," anatero, ulendo uno mosakoka, "odzaza dzanja limodzi basi."

"Pano si pamsika," anayankha Lowi ali pampando.

M'mawa mwake, ali pachiwaya chake, Wagirah anamva nkhwangwa ikulira mkati mwa Kampung. Anakweza maso n'kuona nsonga ya kenanga ikupendekeka, kenaka mbee, kuthambo kwayera. Geblek anapserera m'mafuta iye ali chiyang'anire.

Lowi anapuma pantchito mu 1936 ali sajeni. Mkazi wake anamwalira mu 1938, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Semarang. Anatsala yekha m'zipinda zinayi.

Kenaka kunabwera Ajapani. Adatchi anagonja pa 8 Malichi 1942, ndipo chinthu chimene anthu a m'Kampung ankanyadira kwa zaka makumi asanu ndi atatu chinasanduka chingwe cha m'khosi. Aliyense wowerengedwa ngati Mdatchi, makamaka amene anagwirapo mfuti, ankamukweza pa lole.

Lachiwiri, pa 21 Epulo, Wagirah akukoleza moto, anaona mwamuna atavala sarong, nsalu ya m'chiuno ya Ajava, akuoloka msewu monyang'ama ngati akuponda makala. Anamuzindikira atafika pafupi. Mapazi ake anali otuwa, ofewa, zala zopanikizana ngati nthochi zanthete.

"Girah."

"Geblek sanapse, Ndoro."

"Tsitsa mawu, iwe. Usanditchule choncho."

"Aa! Nanga ndikutchuleni chiyani? Dzinali munandiphunzitsa nokha, ndi dzanja lamanja. Tsaya ili likukumbukira."

Lowi ananyonyomala pafupi ndi chiwaya, mawondo akulira. Anafotokoza msangamsanga. Mabuku a ku ofesi anali atabalalika pa chipwirikiti cha mwezi wathawo. Iye ndi Wagirah anali a khungu limodzi, tsitsi limodzi, mphuno imodzi. Tauni yonse inkadziwa kuti Wagirah ndi Mjava, mwana wosalembetsedwa. Akanati anene kuti Lowi ndi mwana woyamba wa Mbok Painem, wosalembetsedwanso, ndani akanatsutsa?

"Mwana wa Mbok," anatero Wagirah, akutembenuza geblek. "Mbok uja wa maluwa uja?"

"Zinapita zija, Girah. Ndinali wopusa."

"Ayi, wopusa simunali. Tanenani, dzina lawo ndani mayi anuwo?"

"Painem."

"Bambo ngati inu kutchula mayi anu dzina lokha? Mwano umenewo munautenga kuti?"

"Mbok Painem," anatero Lowi, mano ali okukuta.

Wagirah anatsanula geblek n'kumuika pa tsamba la nthochi.

"Chabwino, Mas Lowi. Lero ndikagona m'chipinda cha bambo anga. Inu mukagona kumbuyo, kumene kunkagona mayi anu. Komanso mwana wa Mbok Painem sakhala pakhonde manja ali lende. Muzindinyamulira madengu."

Madzulo a tsikulo analowa pachipata ndi mphasa, chiwaya ndi mwala uja wosinjirapo tsabola, Lowi atasenza zonse pambuyo. Anayenda chipinda ndi chipinda akugwira makoma. Pamene panali kenanga panali chitsa chofumbwa.

Tsopano Wagirah, amene anakana kumsika zaka zonse zija, anaona kuti kumsika ndiye kuli malonda. Ndipo osati msika wapafupi. Anasankha wa kutsidya kwa njanji, wodzera njira ya miyala yoswaswa, ndipo ankabwerako masana dzuwa litakwiya. Lowi ankasenza madengu awiri pa mtengo wa paphewa. Sabata yoyamba mapazi anatuluka matuza, yachiwiri matuzawo anaphulika, ndipo m'njira monse ankasiya timadontho tofiira. Wagirah ankayenda pambuyo kuti aziona bwino.

"Fulumirani, Mas! Asilikali aja ankaguba chonchi?"

Azimayi a kumsika, amene ankadziwa zonse koma n'kusunga pakamwa, ankaseka mpaka kugwirana.

"Yu Girah, achemwali, hatchi imeneyi mwaigula kuti?"

"Ndi ya Chidatchi, koma yatha zitsulo za kumapazi."

Kunyumba Lowi ankadyera pansi, ndi manja. Pampando wa pakhonde pankakhala Wagirah.

Miyezi inapita, chakudya chinayamba kusowa m'tauni, malole anapitiriza kutenga amuna a m'Kampung mpaka kunatsala akazi, ana ndi nkhalamba zochepa. Mapazi a Lowi anauma, anachita ming'alu, zala zinatambasuka. Anaphunzira kunyonyomala osagwira pansi. Ndipo apa pali chinthu chimene Wagirah sankakonda kuchikumbukira: mkwiyo wake unayamba kutopa. Munthuyo akamatsokomola ankamveka ngati bambo awo. Tsiku lina anapezeka kuti wamupakulira chinangwa chochuluka kuposa chake. Tsiku lina anasiya kabotolo ka mafuta a kokonati pakhomo la kachipinda kaja kuti adzole m'ming'alu, n'kunamizira kuti wangoiwala. Njira ya miyala ija anaisiya, nayamba kudzera ya fumbi.

Mu Juni 1943 kunabwera uthenga wakuti onse okayikitsa mtundu akaonekere ku ofesi Lolemba, pa 14, aliyense ndi mboni yake. Lachisanu lake, pa 11, Wagirah anapita kukatema masamba a nthochi kuseri kwa khitchini. Ali mkati mwa nthochimo anamva mawu pampanda. Anali Lowi, akucheza ndi Tante Bet, ndiko kuti Azakhali Bet, nkhalamba ya nyumba yoyandikana nayo, mkazi wamasiye wa msilikali. Ankalankhula Chidatchi, chimene Wagirah sankatha kuwerenga koma ankachimva bwinobwino, popeza anakulira nacho.

"Ukupirira, mwana wanga," inatero nkhalambayo. "Wantchito pampando wa bambo ako!"

"Musadandaule, Tante. Lolemba akandiikira umboni, basi. Adatchi akangobwerera, ameneyu ndidzamutulutsa ndi tsache. Chikalata ndinachikwirira m'chitini. Dzina lili pamenepo ndi langa."

"Nanga akadzakana?"

"Akane ndi chiyani? Ndi ndani iyeyu pamaso pa boma? Wokazinga geblek."

Anaseka onse awiri. Wagirah anaima pomwepo, mpeni uli m'manja, nyerere zikumukwera m'miyendo osazimva. Chimene chinamuwawa koposa si tsache lija ayi. Linali botolo la mafuta.

Loweruka anapita kumsika monga mwa masiku onse. Lamulungu anatuma Lowi kukatola nkhuni kumtsinje, iye n'kukwera patebulo m'chipinda cha bambo ake. Anali ataona kalekale thabwa lina la kudenga losakhomedwa bwino. Analikankha, napisa dzanja. Chitini munalibe. Munali nsapato za Lowi zausilikali, zitakulungidwa m'nyuzipepala, nambala yake itadindidwa mkati. Yunifolomu Lowi anaitaya m'mtsinje, mendulo anaitaya, koma nsapato analephera kutaya. Mwamuna wa m'Kampung akanataya bwanji? Wagirah anakhala pansi n'kuzipukuta ndi mafuta otsala m'kabotolo kaja mpaka zinawala.

Lolemba m'mawa ananyamuka limodzi, Wagirah atabereka kamtolo kumsana.

"Muli chiyani mmenemo?" anafunsa Lowi.

"Kamba wa paulendo, Mas."

Mu ofesi munali tebulo lalitali. Kumbuyo kwake kunakhala msilikali wa Chijapani, ndipo pambali panaima womasulira wa Chijava. Oitanidwa onse ananyonyomala pansi m'mizere. Itafika nthawi ya Lowi, anasendera kutsogolo chonyonyomala, mutu uli pansi, monga Mjava weniweni. Anatchula dzina la mayi ake, Mbok Painem, mosadodoma. Mjapaniyo anayang'ana tsitsi lake, kenaka analoza pansi ndi ndodo kuti aonetse mapazi. Lowi anawatambasula: akuda, ong'aluka, olimba ngati chikopa cha njati. Mjapaniyo anagwedeza mutu n'kutola cholembera.

"Mboni," anatero womasulira. "Iwe mayi, munthuyu anabadwa kwa mayi ako?"

Wagirah anamasula kamtolo kaja mosafulumira. Anatulutsa nsapato n'kuziika pansi, pakati pa Lowi ndi tebulo, zitaloza kutsogolo.

"Ndoro," anatero, "mwaiwala izi kunyumba. Munthu ngati inu salowa mu ofesi phazi lili pamtunda."

"Girah..."

"Tabweretsani phazi ndikuvekeni. Ntchito imeneyi ndinaiyamba ndili mwana."

Anagwada, anagwira mwendo wake n'kuukankhira m'nsapato. Phazi la miyezi khumi ndi inayi ya kumsika linalowa theka lokha. Anakankhanso.

"Aa, zakana. Dikirani sabata imodzi, mwina phazili liphwa."

Womasulira anali atatola kale nsapato inayo, akuwerenga nambala ya mkati. Mjapaniyo anaimirira. Asilikali awiri analowa n'kumugwira Lowi m'khwapa.

"Girah, mlongo wanga!" anakuwa. "Ndife magazi amodzi!"

"Zinalembedwa pati?" anafunsa Wagirah.

Anamumangirira nsapatozo m'khosi ndi zingwe zake n'kumukweza pa lole. Wagirah anaima pamsewu mpaka fumbi linatha, kenaka anapinda nsalu yake yoberekera n'kubwerera kunyumba.

Nkhaniyo inafika m'Kampung iye asanafike. Tante Bet anamudikira pachipata n'kumulavulira pa bulauzi. Akazi ena anatseka mawindo. Ngakhale azimayi a kumsika, omwe aja ankaseka, anayamba kusendera kutali ndi dengu lake, akunong'ona kuti munthu wopereka mlongo wake kwa Ajapani angathe kuthira chilichonse m'chakudya. Wagirah anapukuta malovuwo ndi tsamba. Anatenga khasu n'kuyamba kukumba bwalo, kuyambira kumpanda, mzere ndi mzere. Tsiku lachisanu ndi chinayi khasu linagunda chitini pansi pa chitsa cha kenanga. Chikalatacho anakolezera moto wa geblek, ndipo geblek wa tsiku limenelo anadya yekha, yense.

Lowi sanafe. Anamutsekera ku Cimahi, ndipo nkhondo itatha anatulukamo ali mafupa okhaokha, mwendo umodzi utafa. Kubwerera ku Purworejo sikunatheke, pakuti pa 17 Ogasiti 1945 dziko linali litalengeza ufulu wake ndipo tauniyo inali m'manja mwa eni nthaka. Mu Disembala 1948 asilikali a Chidatchi analowanso m'tauni, nakhalamo pafupifupi chaka. Masiku onsewo Wagirah ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, chikwanje chili pamiyendo, maso ali kuchipata. Lowi sanabwere. Anali chigonere kwa mwana wake ku Semarang, ndipo mu 1950 anamunyamula pamachira kukamukweza sitima ya ku Holandi.

Si iye yekha amene anapita. Pakati pa 1950 ndi 1956 Kampung inakhuthuka. Zidzukulu za asilikali a ku Elmina, zokhala ndi zikalata za Chidatchi, zinalongedza mabokosi n'kupita kudziko limene sizinalionepo. Tante Bet anachoka pa 6 Febuluwale 1951, osatsazika. M'nyumba zawo munalowa aphunzitsi, apolisi ndi ogwira ntchito ku njanji. Chimene chinatsala ndi dzina la njira, manda, ndi mayi mmodzi wa tsitsi lopotana amene panalibe sitima yoti imutenge chifukwa sanalembedwe paliponse. Pa 12 Seputembala 1962 anthu oyeza malo anabwera ndi chingwe chawo, anafunsa anansi, ndipo analemba m'buku kuti nyumba yachitatu ndi ya Wagirah. Iye anadinda chala. Anthuwo atachoka, anakhala tsiku lonse osasamba m'manja.

Loweruka, pa 18 Okutobala 1969, kunabwera kalata ya sitampa yachilendo. Wagirah anapita nayo kwa Bu Hartinah, mayi mphunzitsi amene ankakhala m'nyumba yakale ya Tante Bet ndipo anaphunzira Chidatchi ali mtsikana. Anakhala pakhonde, mphunzitsiyo n'kuvala magalasi.

Inali ya Lowi. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi. Mwana wake anali atamwalira, ndipo iye ankakhala m'nyumba ya nkhalamba, m'tauni imene dzuwa limalowa anthu asanaweruke. Ana a kumeneko, analemba, amamuloza m'msewu n'kumufunsa kuti abwerera liti ku Afirika. Madokotala anamuuza kuti sadzaona nyengo yozizira ina. Za ku ofesi zija anakhululuka, ndipo ankapempha kuti nayenso akhululukidwe. Tsopano njira inali itatseguka, koma boma linkafuna kalata ya wachibale wovomera kumulandira. Sankapempha zambiri. Malo oyala mphasa basi, kuti afere kumene anabadwira.

Bu Hartinah anamaliza kuwerenga. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Mbah Girah, agogo, munthuyu watha. Timuyankhe chiyani?"

"Wati wandikhululukira?"

"Eya, watero."

"Ali ndi mtima wabwino," anatero Wagirah. "Tengani pepala, Bu Guru, aphunzitsi anga."

Mphunzitsiyo anabwera ndi pepala ndi cholembera.

"Lembani kuti kalata yafika. Lembani kuti ine ndili bwino, ndikudya, ndikugona tulo. Denga ndinakonzetsa chaka chatha, silidontha. Chitsime sichinaphwe. Mwalemba?"

"Ndalemba."

"Lembani kuti zipinda zilipo zinayi, ndimakhalamo ndekha, ndipo malo palibe."

Cholembera chinaima.

"Mbah, ndilembe choncho ndithu? Mwina tidikire mawa, mtima ukhale pansi."

"Mtima uli pansi kale, Bu Guru. Lembani lero, positi itseka masana. Ndipo mulembe zilembo zikuluzikulu. Munthuyo ndi wokalamba, angalephere kuwerenga."